Asilikali a m'magazi akwera koma akuti mulibe tizilombo, ndiye akumenyana ndi ndani?

Telala wa ku Limbe

Moni nonse. Ndine telala wa zaka 54, ndimasoka pakhonde la shopu ina mu Limbe muno ndi makina aja opalasa ndi phazi. Makinawo ndawatchula dala, chifukwa vuto langa lili kuphazi komweko.

Chakumapeto kwa Ogasiti, nthawi imene makolo amandiunjikira mayunifolomu sukulu zisanatsegulidwe, tinali ndi chinkhoswe cha mwana wa mlongo wanga ku Chiradzulu. Anapha mbuzi ziwiri. Ife amalume anatipatsa ulemu wa zam'kati, chiwindi, impso, nthumbwana, ndipo mowa sindibisa, ndinamwa. Lamlungu usiku cha m'ma 2 koloko ndinadzidzimuka ngati wina wandikhoma msomali pachala chachikulu cha phazi lamanja. Pofika m'mawa chalacho chinali chitatupa, chikunyezimira, chotentha ngati mbatata yongophula kumene pamoto. Ngakhale nsalu yofunda ikangochikhudza ndinkakuwa. Mayi a kunyumba anali atayamba kale kunena kuti ndaponda zinthu kumudzi kuja.

Ndinakwera kabaza mpaka pa kiliniki ina yolipira. Malungo sanapezeke. Ananditenga magazi, pepala linabwera, adokotala anazunguliza ndi cholembera nambala ya 14,600 n'kunena kuti asilikali a m'magazi akwera, sayenera kupitirira 11,000, ndiye kuti muli infekishoni. Anandibaya jakisoni n'kundipatsa makapisozi a masiku 7. Patatha masiku ngati 10 chala chinaphwa, ine n'kumatamanda makapisozi aja.

Mu Novembala linatupa bondo. Ulendo uno mwana wanga anandikakamiza kupita kuchipatala chachikulu. Dokotala wina wamkazi, wamng'ono kwa mwana wanga woyamba, anabaya bondolo ndi singano n'kukoka madzi achikasu, ambuu. Zotsatira zitatuluka anati m'madzimo asilikali ndi mbwee, koma kachilombo palibe ngakhale kamodzi, muli timiyala tosongoka basi. Akuti ndi matenda otupitsa mfundo otchedwa gauti. Anandipatsa prednisolone wa masiku 5, anandisinthira mapiritsi a BP, ndipo akuti ndiyamba allopurinol. Pamzere panali anthu ambiri, sindinafunse zambiri.

Tsono chondizunguza mutu ndi ichi. Ife tinaphunzitsidwa kuti maselo oyera ndi asilikali olimbana ndi tizilombo. Ngati tizilombo mulibe, asilikali onsewa akudzatani m'bondo mwanga? Kodi chitetezo changa chachepa kapena chasokonekera? Mlongo wanga wandigulira botolo la ufa wa zitsamba lodula, akuti lokweza chitetezo. Ndimwe?

Wa mu labu, Zomba

A Telala, pepani ndi phazilo. Ine ndimagwira mu labu, mapepala ngati lanulo ndimatulutsa tsiku ndi tsiku, ndiye ndiyankhepo mbali ya magaziyo. Za mankhwala ndisiyira eni ake.

Makina a FBC, oyezera kuchuluka kwa maselo a m'magazi, ntchito yawo n'kuwerenga basi. Amatiuza kuti m'kadontho kakang'ono zedi ka magazi muli maselo oyera angati, ndipo munthu wamkulu wabwinobwino amakhala nawo pakati pa 4,000 ndi 11,000. Koma amene wawaitana maselowo, makina samudziwa. Mukafika pamsika wa Limbe m'mawa n'kupeza apolisi adzaza, mukhoza kuganiza kuti kwabedwa, pamene mwina ndi moto, mwina minibasi yagunda munthu, mwina mavenda angoyambana okhaokha. Maselo oyera amakwera munthu akapsa ndi moto, akathyoka fupa, akachitidwa opaleshoni, mayi akakhala woyembekezera, ngakhale kwa osuta fodya. Monsemo mulibe kachilombo.

Komanso asilikaliwa si amtundu umodzi. Ochuluka, oposa theka, ndi ma neutrophil. Amapangidwa m'kati mwa mafupa, sakhalitsa, amathamangira pangozi n'kufera pomwepo. Mafinya amene mumafinya pachithupsa kwakukulu ndi mitembo yawo. Alipo ma macrophage, alonda okhazikika m'minofu ndi m'mfundo, ntchito yawo kumeza zinyalala ndi kuimba belu. Alipo ma lymphocyte, gulu lomwe muli CD4 uja tonse tinamudziwa chifukwa cha HIV. Enanso ochepa ndi ma eosinophil. Mukayang'ana pepala lanu m'munsi mwa 14,600 muja, ndikukhulupirira mupeza kuti okwera ndi ma neutrophil.

Zoti asilikali sadikira kachilombo zinaoneka kalekale. Mu 1882 katswiri wina wa ku Russia, Élie Metchnikoff, ali ku Messina m'dziko la Italy, anatenga minga ya duwa la rozi n'kubaya tiana ta kanyama kena ka m'nyanja kooneka ngati nyenyezi. Tianato n'toonekera mkati ngati galasi. M'mawa mwake anapeza maselo ataunjikana mozungulira mingayo. Ndi zomwezo zimachitika kaminga kakathyokera m'phazi mwanu kumunda. Thupi limalimbana ndi chilichonse chimene chili pamalo posayenera.

Minga yanu inu yapangidwa ndi thupi lanu lomwe. Uric acid ndi zinyalala zimene zimatsala maselo akale akamaphwanyika, pang'ono zimachokeranso ku zakudya monga zam'kati zija, ndipo mowa umazichulukitsa n'kulepheretsanso impso kuzitaya. Zikapitirira pafupifupi 6.8 mg/dL m'magazi, zimayamba kuuma n'kukhala timiyala, monga shuga amene wachuluka mu tiyi amadikha pansi pa kapu tiyiyo akazizira. N'chifukwa chake zimakonda chala chakuphazi, komwe n'kozizirirapo kuposa thupi lonse, ndipo zimakonda usiku.

Ndikanakonda mukanaona zimene timaona ife pa maikulosikopu tikaika kadontho ka madzi a bondo ngati lanulo. Timiyalato n'tatitali, tosongoka mbali zonse ngati singano zanu zosokera. Ndipo umaona neutrophil wozungulira bwinobwino, kasingano katamubowola kutulukira uku ndi uku, ngati nthuli ya kanyenya pakamtengo. Wameza chinthu chimene sangathe kugaya.

Nkhondo imayamba ndi mlonda uja, macrophage. Akameza kasingano, m'kati mwake mumayaka ka switchi kotchedwa NLRP3, ndipo amatulutsa uthenga wotchedwa interleukin-1. Zimenezi anazitulukira mu 2006 akatswiri a ku Lausanne, ku Switzerland, gulu la Jürg Tschopp. Uthengawo ukamveka, mitsempha ya pamalopo imatseguka, n'chifukwa chake pamafiira ndi kutentha. Imayamba kudontha madzi, n'chifukwa chake pamatupa. Ma neutrophil amakhamukira m'mfundomo n'kutsanula mankhwala awo owotchera mabakiteriya, koma poti bakiteriya palibe, chimene chikupsa ndi mnofu wanu. Belu lomwelo limamvekanso m'mafupa, kumene amatulutsa asilikali ena, ndi uyo 14,600. Ena thupi limatentha ndithu ngati malungo.

Ndiye ululu munaumva uja, kwakukulu sanali timiyala tikukulasani. Timiyala timatha kukhala m'mfundo miyezi munthu osamva kanthu. Anali asilikali anu.

Za makapisozi aja, pepani, anangokolola pomwe sanalime. Gauti imaphwa yokha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Ma neutrophil akachuluka kwambiri amafa n'kutaya zinthu zonga ukonde zimene zimakulunga timiyalato ndi kuphwanya uthenga woitana anzawo uja, nkhondo n'kuzirala. Koma a pa kiliniki paja musawade kwambiri. Mfundo imene mwalowa mabakiteriya imaoneka chimodzimodzi, pamaso ngakhale pa FBC. Cholakwika chinali kungodalira nambala imodzi. Chosiyanitsa chenicheni ndi singano ija anakubayani pabondo.

Malume wa ku Joni

Hahaha achimwene takulandirani m'gulu lathu la oyenda ndi silipasi phazi limodzi. Ine chinandiyamba 2015, ndimagwira pa galaja kuno ku Johannesburg, ndipo Loweruka lililonse ndi nyama yootcha. Musavutike ndi zambiri. Kuno m'mafamase ena amagulitsa timapaketi ta gauti, mapiritsi angapo osakaniza m'kapepala kamodzi, ukamwa madzulo m'mawa wadzuka ukuvina. Apo ayi diclofenac wochepetsa ululu uja, ine ndimayenda naye m'thumba ngati mtedza. Allopurinol ndinamuyesa mwezi umodzi, m'malo mochira chala chinatupa kuposa kale, ndinamutaya. Ingochepetsani nyama yofiira, muzimwa madzi ambiri. Ine panopa chovuta n'timibulu tolimba tatuluka pachigongono ndi pakhutu, koma sitiwawa ayi.

Nesi ku Leeds

Malume, ndikupemphani mwaulemu, pitani akakuyezeni impso mwezi uno. Timibulu mukunenato ndi timiyala tomwe tija taunjikana mpaka kuonekera kunja. Ngati tafika pakhutu, m'mfundo muli tambiri, ndipo asilikali akulimbana nato mwakachetechete n'kumadya fupa pang'onopang'ono ngakhale inu simukumva kuwawa. Diclofenac wa tsiku ndi tsiku amawononga impso ndi kuboola zilonda m'mimba, ndipo impso zikafooka uric acid amakweranso. Timapaketi tija nthawi zambiri munthu sadziwa n'komwe zimene zilimo.

A Telala, ine ndimagwira ku wodi ya odwala nyamakazi ndi matenda a mfundo, ndiye funso la botolo lija ndiliyankhe mosazungulira: chitetezo chanu sichinachepe. Asilikali amene atupitsa bondo usiku umodzi si ofooka. Mawu akuti "kukweza chitetezo" anatilowa m'mutu nthawi imene tinkaika maliro sabata iliyonse chifukwa CD4 yatsika, ndipo pamenepo anali ndi tanthauzo. Koma ku wodi kwathu pafupifupi mankhwala onse amene timapereka ndi oziziritsa asilikali, osati owawonjezera moto. Ufa wosadziwika zimene zilimo, kwa munthu wa BP amene impso zake tikufuna kuzisamala, ine sindingamwe. Mlongo wanu muthokozeni, botolo libwerere.

Mankhwala a gauti ali pawiri, ndipo anthu amawasokoneza. Ena ndi ozimitsa moto ukayaka. Prednisolone amatseka pakamwa alonda aja kuti asaimbe belu. Colchicine, wochokera ku duwa lina la ku Ulaya ndipo wagwiritsidwa ntchito zaka mazanamazana, amamanga miyendo ma neutrophil kuti alephere kukwawira m'mfundo. Ameneyu ndi woopsa mukapyola muyezo, chizindikiro choyamba ndi kutsegula m'mimba. Chodabwitsa cha prednisolone n'chakuti mukayezetsa magazi muli pa mankhwalawa, ma neutrophil amaoneka okwera papepala, chifukwa amene anamatirira m'mbali mwa mitsempha amasiya n'kumangoyandama m'magazi. Ndiye wina asadzakupatseninso makapisozi chifukwa cha nambala imeneyo, muzinena kuti mukumwa prednisolone. Ndipo masiku 5 akatha, athe. Ndaona anthu kumudzi akumugula okha pa golosale miyezi ndi miyezi chifukwa "amachotsa nyamakazi", mapeto ake nkhope yatupa, shuga wakwera, mafupa afewa.

Allopurinol ndi wina. Iye sazimitsa moto, amachotsa nkhuni. Amachepetsa uric acid amene thupi likupanga, ndipo akatsika pansi pa 6 mg/dL n'kukhala pomwepo, timiyala takale timasungunuka pang'onopang'ono, asilikali n'kusowa chowaputa. Amayamba ndi muyezo wochepa, kawirikawiri 100 mg, n'kumakweza malinga ndi zotsatira za magazi. Zimene zinawachitikira Malume n'zodziwika: miyezi yoyambirira timiyala tikamasungunuka timagumuka, alonda n'kudzidzimuka, chala n'kutupa. Sikuti mankhwala akanika. Pamenepo sitisiya, timangowonjezera ozimitsa moto kwa kanthawi. Chosiyitsa allopurinol tsiku lomwelo ndi zidzolo pakhungu, zilonda m'kamwa kapena m'maso, kutentha thupi. Zikatero thamangani kuchipatala.

Mapiritsi a BP anakusinthirani aja ndikuganiza anali hydrochlorothiazide, aja okodzetsa, chifukwa amaletsa impso kutaya uric acid. Pyrazinamide, mmodzi mwa mankhwala a TB a miyezi iwiri yoyambirira, amachitanso chimodzimodzi. Ndanena izi kuti musadziimbe mlandu wonse pa nthumbwana. Zakudya zili ndi mbali yake, koma ambiri vuto ndi impso zimene mwachibadwa sizitaya bwino uric acid, ndipo zimayenda m'banja.

Gauti tinganene kuti asilikali ali ndi chifukwa, minga ilipodi. Odwala ambiri amene ndimawasamala ine alibe ngakhale minga. Pa nyamakazi yotchedwa rheumatoid arthritis, ma lymphocyte amalakwitsa n'kuyamba kuukira kansalu kofewa kokuta mfundo. Munthu amadzuka zala zili gwa, manja onse awiri, kupitirira ola lathunthu asanathe kumanga chitenje kapena kutsegula botolo. Pa matenda ena otchedwa lupus amaukira khungu, mfundo, impso, ngakhale magazi omwe. Mwa odwala lupus 10, pafupifupi 9 ndi akazi, ndipo imagwira kwambiri akazi akuda kuposa azungu. Tsono tamverani izi: pa lupus nambala ya maselo oyera kawirikawiri imatsika m'malo mokwera, pamene matendawo ndi a asilikali olusa. Apa ndi pomwe mungaone kuti nambala yokhayo sinena nkhani yonse. Ndikaganiza za amayi akwathu amene zala zinapindika tikungoti "nyamakazi ya ukalamba", ena atatemedwa mphini m'mawondo monse, mtima umandiwawa, chifukwa methotrexate, piritsi lomwa kamodzi pa sabata, akanapulumutsa manja ambiri.

Kuno ku UK kulinso majakisoni otseka uthenga umodzi wokha wa asilikali, wotchedwa TNF. Ntchito imeneyi anaiyamba Ravinder Maini ndi Marc Feldmann ku London chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Amathandiza zedi, koma tisanamubaye munthu timayamba tamuyeza TB, makamaka ife ochokera kumene TB ndi yofala, chifukwa TNF yemweyo ndi amene amathandiza kutsekera TB yogona m'mapapo kuti isadzuke. Ukaziziritsa asilikali pali mtengo wake.

Chomaliza, a Telala: musadzazolowere kuti mfundo iliyonse yotupa ndi gauti. Tsiku limene bondo latupa, thupi likutentha kwambiri, mukunjenjemera, kapena pali bala pafupi, pitani tsiku lomwelo akakokenso madzi. Timiyala ndi mabakiteriya zimatha kukhala m'bondo limodzi, ndipo mabakiteriya amawononga mfundo m'masiku ochepa.

Mayi wa ku Area 25

Pepani ndilowerere, nkhaniyi yandikhudza. Mwana wanga wamkazi wa zaka 9 ali ndi mphumu. Juni akafika, kukazizira, tikayatsa mbaula m'nyumba, usiku chifuwa chimalira ngati kamwana ka mphaka. Pepala lake la magazi anazunguliza mawu akuti eosinophils, akuti akwera. Anatipatsa ma inhaler awiri, wabuluu ndi wabulauni. Wabuluu akapopera pompo amapeza bwino. Wabulauni tinapopera sabata imodzi osaona kusintha, ndinangomuika m'kabati. Kodi nayenso ndi nkhani ya asilikali omwewa?

Wa mu labu, Zomba

Mayi, ndi omwewo, gulu lina chabe. Ma eosinophil ntchito yawo yeniyeni ndi kulimbana ndi zinthu zazikulu zosamezeka monga njoka za m'mimba ndi likodzo. Ndiye kwathu kuno tikawaona apitirira 500, tisanathamangire kwina timapempha kaye chimbudzi ndi mkodzo, makamaka ngati mwana amasamba kunyanja kapena kudambo. Mukapemphe zimenezo.

Pa mphumu, iwowa pamodzi ndi anzawo otchedwa mast cell amatenga zinthu zosalakwa ngati adani: fumbi la m'matiresi, zitosi za mphemvu, mungu wa maluwa, ubweya wa mphaka. Amakhazikika m'timipaipi ta mpweya, timipaipito n'kutupa mkati, kudzaza makhololo, n'kukhala tosachedwa kufinyika. Utsi wa mbaula ndi mphepo ya Juni zimangopeza pali kale bala. Wabuluu uja, salbutamol, amangomasula minofu yofinya timipaipi kwa maola ochepa, asilikali sawakhudza n'komwe. Wabulauni, amene kawirikawiri ndi beclometasone, ndiye amawabweza asilikaliwo, koma amagwira mwakachetechete, pamafunika masabata akupopera tsiku lililonse ngakhale mwana ali bwino. Mutulutseni m'kabatimo, muone deti ngati sanathe mphamvu, ndipo mubwerere naye kuchipatala akakuonetseni kapoperedwe kake. Akapopera azichukucha m'kamwa ndi madzi n'kulavula. Mbaulayo iziyakira panja.

Telala wa ku Limbe

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri, kachitatu anandiwerengera mwana wanga mokweza kuti mayi ake amve zoti sindinaponde kanthu. Iwo akuti chabwino, koma nanga bwanji zinayambira kumudzi. Ndawasiya.

A mu labu munalondola, ndapeza pepala lija m'thumba la jekete, ma neutrophil ndi amene ali ndi nyenyezi pambali. Lachiwiri ndinapitanso kuchipatala, uric acid anapezeka 9.1, impso akuti zili bwino, allopurinol ndayamba wa 100 mg ndipo akuti ndibwerenso pakatha mwezi adzayezenso. Botolo lija mlongo wanga wakana kulandira, akuti ndalama zinapita kale, ndiye lili pawindo. Ndagula kamota kogwirako kale ntchito kuti ndimangirire pamakina, phazi lizipumako, ngakhale magetsi akathima ndibwerera kopalasa komweko.

Malume, kayezetseni impsozo, tisakutayeni.

A Nesi, funso limodzi lokha. Mowa ndi zam'kati ndamva. Nanga usipa ndi nyemba? Chifukwa mukandiletsanso zimenezo ndiye kuti nsima ndizidyera mchere.

Nesi ku Leeds

Nyemba, nandolo, khobwe, soya, masamba onse, mazira, mkaka, idyani ndi mtima umodzi. Usipa ndi tinsomba tina todya ndi mitu yomwe muzidya mwa apo ndi apo, osati mbale yodzaza tsiku lililonse. Chimene anthu amaiwala ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, shuga wake amakweza uric acid, ndiye musachoke ku mowa n'kuthawira kumeneko. Pakhonde paja pazikhala chigubu cha madzi pafupi ndi makina. Mukakayezetsanso mwezi wamawa mudzatiuze nambala, ndipo ngati idakali pamwamba pa 6 musachite manyazi kuwafunsa adokotala za kukweza muyezo.